Udzu umene a Naima anakana kumweta

A Naima a ku Lifuwu amamweta udzu wofolera nyumba n'kumagulitsa. Ndine mnansi wawo. Andikalipirapo kambirimbiri chifukwa cha nkhuku zanga, koma ndimawakonda.

Kwathu kuno ukapeza udzu wabwino kudambo, umamanga mfundo kunsonga kwake. Woona mfundoyo amadziwa kuti pali mwini, ndipo samwetapo kapena kuyatsapo moto.

Kale dambo limeneli linali ndi mphoyo zambiri, nyama zokulirapo kuposa gwape, zimene zimabisa ana awo mu udzu wautali. Koma anthu tinkamweta mpaka mbee, potsala n'kutentha. Ana aja ankathera agalu ndi moto, mphoyo n'kutsala zowerengeka.

Tsiku lina akumweta, a Naima anatsala pang'ono kutema kamwana ka mphoyo kali phee pansi, makutu atagona. Anati mtima unawapweteka. Anaponya chikwakwa, nayamba kumanga mfundo kuzungulira chigawo chonse cha kufupi ndi bango, chachikulu ngati mabwalo a mpira atatu. Chilimwe chinatha osamwetamo.

A Innocent, oweta ng'ombe, ankafuna kutentha kuti msipu uphuke. Anabwera atakwiya.

"Amayi, udzu munamanga uja mumweta liti?"

"Tsiku londikomera, achimwene, Inshallah. Kodi ndi wanu?"

A Innocent anabwerera akung'ung'udza, poti mwambo ankaudziwa bwino.

Mvula itagwa, denga la a Naima linadontha koopsa. Amuna awo, a Hashim, anatchera mabeseni nyumba yonse, n'kumauza anzawo kumzikiti kuti anakwatira womweta udzu wogona pamvula. Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo.

Chaka chotsatira a Naima anamanganso, amayi ena n'kumanga nawo m'mbali. Kenako mudzi unagwirizana kuti chigawocho chisamapse, agalu asamalowemo, ndipo kumweta kuzikhala kosinthanasinthana malo.

Mwezi wathawu ndinawamva a Naima akubwera kuchokera kumunda akulalata msewu wonse.

"Mphoyo zopanda ulemu! Zandidyera nazale ya mpunga! Ine n'kuzisungira pogona, zikomo wake ameneyu?"

Ndinawafunsa kuti zinali zingati. Anayamba kuwerenga ndi zala, zazikulu kaye, kenako tiana. Zala zinatha asanamalize. Anangokhala pansi pakhonde panga n'kuyamba kulira.