Ndinasanduka Chitsulo Pakhomo pa Eni

Anzanga, ndikulemba ndi chala chimodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye musandiseke. Ndine Jailosi, zaka 67. Moyo wanga wonse ndathera kuthyola tiyi ku esiteti. Mkazi wanga anamwalira kalekale.

Tsiku lina masana mvula inandipeza pa Chonde, ndinathawira mu vidiyo sho. Munali filimu yomasuliridwa m'Chichewa. Ana pasukulu ina asanduka zigawenga, akubayana m'kalasi, ndiye boma latumiza aphunzitsi achitsulo, maloboti ovala mataye ngati anthu. Mwana akangochita mwano, loboti phwaa!

"Amenye! Amenye!" ndinakuwa.

Mayi wina pambali panga, dengu la nanazi lili pamiyendo, ananditembenukira.

"Bambo inu, imvi zonsezo, mukuombera m'manja chitsulo chikuthyola mwana mkono?"

"Ana a masiku ano mankhwala ake ndi amenewo, mayi."

"Nanga inuyo linakulerani ndi loboti liti?"

Vidiyo sho yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka... Dzina lawo a Esteri, amasiye a ku Chinakanaka. Mvula itakata ndinawakwezera dengu panjinga.

Miyezi inayi ndikupalasa ulendo wa ku Chinakanaka. Nkhalamba ngati ine kugula sopo wonunkhira, ha! Achibale anakumana, anavomera kuti ndikakhale kwa a Esteri, chikamwini.

Koma a Esteri amalera mdzukulu, Bryson, wa Fomu 2, yemwe analowa kagulu komenya anzawo kusukulu. Tsiku lina ndinapeza mpeni m'chikwama chake. Filimu ija inandibwerera m'mutu. Ndinathyola ndodo, ndinamukwapula mpaka dzanja kutupa.

A Esteri sanakuwe ayi.

"A Jailosi, mwanayu ali ndi amalume ake. Inu mwabwera dzana, simunafunse, simunauze munthu. Kodi ndakwatiwa ndi chitsulo chija?"

"Ndimati ndimuwongole..."

"Njinga yanu iyo."

Ndinabwerera kwa mwana wanga ku Boma, komwe ndinkakhala kale. Masabata atatu chakudya osakoma. Mwambo ndimaudziwa ine, mkamwini sakwezera dzanja mwana wa mbumba ya eni. Ndinaupondera chifukwa cha filimu. Uchitsiru basi.

Ndinagwira tambala, ulendo kwa a Elson, amalume ake a Bryson. Ndinagwada, mawondo akulira phwete phwete. Kenako ndinapepesa Bryson yemwe, anthu onse akuona.

Iye anayang'ana pansi.

"Agogo, mpeni uja sunali wobayira munthu. Akuluakulu a m'gulumo anati ndikatuluka andithyola miyendo. Ndimaopa."

Anzanga, palibe anali atamufunsa mwanayu. Ine ndinayambira ndodo.

Lolemba lake ine ndi a Elson tinakaonana ndi ahedi. Tsopano m'mawa uliwonse ndimapalasa kuchokera ku Boma, kukamutenga Bryson, kumusiya pageti pa sukulu. Akaweruka amandipeza pomwepo. Anyamata aja amangondiyang'anira patali.

A Esteri masiku onsewa amangoti "mwadzuka bwanji", basi. Koma dzulo nditamutsitsa Bryson pakhomo anatuluka.

"Njingayo muziisiya konkuno. Ku Boma n'kutali, mutha mawondo."

"Nanga mwini njingayo?"

"Ameneyo tiona. Takhalani pansi mudye nanazi."

Ndinadya, anzanga. Mpaka madzi ake kutsikira m'chigongono.

Loboti silifunsa chifukwa lilibe khutu. Ine ndili nawo awiri, ndayamba kuwagwiritsa ntchito pa zaka 67.