Zuze Anabwerera Mbuzi

Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya pamene mdzukulu wanga Tiyamike anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. "Agogo, a Zuze ali moyo! Ali pa Malomo pompa!" Singano ndinataya. Nthungululu ndinaimba, ndinaimba, mpaka nkhuku zinabalalika.

Zuze ndi mlongo wanga. Inu obadwa dzulo, tamverani.

Kwathu kunali ku Mozambique. Tsiku limene nkhondo inatifika, amayi ankayanika ufa pamphasa. Mfuti zinalira kudambo. Ufa tinausiya pomwepo, uli mbee. Ine ndinabereka khanda la amayi kumbuyo, Zuze anagwira chingwe cha mbuzi. Pamtsinje chingwe chinamupulumuka. Zuze anabwerera mbuzi. Asilikali anali pafupi. Amayi anati, "Osacheuka, osaitana." Tinaoloka.

Ku Dedza anatilandira ndi phala. Ndinakula, ndinakwatiwa kuno ku Dowa, amayi ndinawaika m'manda. Dzina la Zuze silinatulukenso pakamwa panga.

Ndiye chaka chatha mvula inandithamangitsira m'nyumba ya kanema pa Madisi. Ankaonetsa za anthu oyenda ndi chombo pakati pa nyenyezi. Achinyamata anati, "Khalani agogo, iyi ndi ya zigawozigawo, chigawo chilichonse chimatha bwino." Womasulira m'Chichewa uja ankatiseketsa, nthiti kuwawa.

Kenaka dziko linayamba kupsa. Anthu anathamangira m'chombo. Mwana wina anabwerera kanyama kake. Chitseko chinatsekeka. Tinadikira kuti atsegula. Sanatsegule. Chinathera pomwepo.

Ndinangomva pakamwa panga pafuula, "Zuze!"

Bambo wina wa kabaza, a Yusufu, anatembenuka. "Mayi, Zuze ndani?" Ndinawauza zonse, mtsinje, mbuzi, ndi zala sikisi za kudzanja lake lamanzere.

Zoseketsa zija timazisiya pakhomo ngati nsapato. Koma nkhani iyi aliyense anapita nayo kwawo. Mwana anatsala panja, ndipo mtima sulola kusiya mwana panja. A Yusufu akuti inawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Mwana wa m'kanema uja sakanatha kumutsegulira, ndiye anayamba kufunsa za mlongo wanga. Pamsika kufunsa, pachigayo kufunsa. Miyezi inapita. Tayala linawaphulikira pa Malomo. Mkulu womata matayala anatambasula dzanja lamanzere, a Yusufu anawerenga zala.

Loweruka anabwera naye panjinga. Imvi mbuu, mano atatu. Ndinagwira dzanja lija, ndinawerenga ndekha, ndinawerenganso.

"Achemwali," anatero Zuze, "mbuzi ija ndinaipeza."

"Nanga ili kuti?"

"Tinadya ndi anthu amene ananditola."

Iii, ndinaseka mpaka kukhala pansi! Amayi sanalione tsiku ili. Mpando wawo tinauika pabwalo, sanakhalepo munthu.

Anthu anabwera, anabwera kudzamuona! Malita, khanda lija ndinabereka, lero ndi gogo. A Yusufu ndi akazi awo a Mariyamu. Adzukulu anga Tiyamike, Chikondi ndi Madalitso. Anaphiri a kuchigayo. Anabanda a mwendo umodzi, ndodo m'mwamba. Ndi Zuze, Zuze wanga, ali mkati mwa mpanda.