Zitseko za Galimoto ya a Milutin

A Milutin anagawa makalata m'mudzi mwathu zaka makumi atatu ndi zinayi, pa njinga, ndipo pa zaka zonsezo sanakiyepo nyumba yawo. Kiyi analipo. Ankakhala pa msomali panja, pafupi ndi chitseko, kuti asasowe. Okalamba ofooka maso ankawapempha kuti awawerengere makalata a ana awo, ndipo iwo ankawerenga mokweza, kudumpha mawu opweteka, kuwonjezera moni pamene mwana waiwala. Mudzi wonse unkati palibe cholembedwa chimene chingawagonjetse a Milutin. Eni akewo ankakhulupiriranso zimenezo.

Atapuma pa ntchito, akazi awo atamwalira, anatsala ndi zinthu ziwiri: munda wa mapulamu pa chitunda, mitengo mazana awiri, ndi kagalimoto kofiira kakale kamene zitseko zake zinkatseguka ngakhale ndi mphepo. Lachisanu lililonse popita ku msika ku Topola, aliyense woyenda pansi ankangotsegula n'kukhala. Kwathu sitipempha malo m'galimoto ya mnzathu. Kupempha n'kumunyoza, ngati kuti angakane.

Kagalimotoko kanafa chaka chatha, adokowe atangofika pa chisa chawo pafupi ndi tchalitchi. Mu Juni, mitengo ya lipa ikununkhira, mwana wawo Gordana, amene ndi namwino ku Viyena, anawabweretsera galimoto ina yotuwa, ya kiyi wa rimoti. Gordana anabwera ndi mantha. Mnzake wa kuntchito anali atalandidwa chikwama pa maloboti, wakuba atangotsegula chitseko n'kuthawa. Choncho asanabwerere anakhala pa mpando wa dalaivala n'kusintha zinthu pa kagalasi kakutsogolo, kodina ngati ka foni. Rimoti izitsegula chitseko cha dalaivala chokha. Galimoto ikanyamuka, zitseko zonse zizidzikiya. Mwini wake akatalikira, izidzikiyanso yokha n'kuliza hutala. Anawafotokozera bambo ake zonse, ngakhale zoti akadina kawiri zitseko zonse zimatseguka. A Milutin ankangogwedeza mutu. Maso awo anali pa mtambo wakuda umene unkakwera cha kumadzulo, pakuti kwathu Juni ndi mwezi wa matalala, ndipo mapulamu anali akadali aang'ono, obiriwira.

Matalala sanagwe chaka chimenecho.

Lachisanu loyamba, mayi Desanka, amasiye a kumapeto kwa mudzi, anaima pa msewu ndi dengu la mazira. A Milutin anaimika galimoto. Mayiwo anakoka chitseko, osatseguka. Anakokanso. A Milutin anadina rimoti, koma injini ikamalira rimoti simva. Anayesa kuwerama kuti atsegule chamkati, lamba ndi mimba zinawakaniza. Kumbuyo basi inayamba kuliza hutala. Posowa chochita anakweza dzanja kusonyeza kuti zavuta, n'kunyamuka. Pofika masana, mudzi wonse unali utamva kuti a Milutin anaima dala, anawayang'ana mayi Desanka, n'kuwabayibitsa.

Lamlungu zinakula. A Stanimir ndi akumu awo a Milutin, ndiwo anaima monga mboni pa ukwati wawo, ndiwonso ananyamula Gordana pa ubatizo. Kwathu ubale umenewu umalemera kuposa wa magazi. A Milutin anaimika galimoto pa tchalitchi n'kulowera ku khomo, kiyi ali m'manja. A Stanimir anayandikira kuti aisirire. Atangoika dzanja pa chitseko, galimoto inaphethira magetsi, inati kha, n'kuliza hutala pamaso pa anthu onse.

A Stanimir anachotsa dzanja pang'onopang'ono. "Akumu," anatero, "ndinanyamula mwana wanu ola lathunthu m'tchalitchi muno. Kodi munapeza atasowa kansapato?"

Pamenepo a Milutin akanangonena zoona, kuti galimotoyo saidziwa. Koma munthu amene anawerengera mudzi wonse makalata zinamulemera pakamwa. Anayankha kuti galimoto za masiku ano ndi mmene zilili, n'zachitetezo. Mawu akuti chitetezo anazungulira nyumba zonse nkhomaliro isanapse, ndipo paliponse ankafunsa funso limodzi: akudziteteza kwa ndani?

Tirigu anapsa, anakololedwa. Anthu anasiya kuima pa msewu Lachisanu. Galimoto yotuwa ikamadutsa, aliyense ankapeza chochititsa chidwi m'munda wa chimanga. A Milutin ankapita ku Topola okha ndi mipando inayi yopanda munthu, zitseko zitakiyika bwinobwino.

Anayesa kuikonza mobisa, m'khola, atatseka zitseko. Kagalasi kankalemba m'Chijeremani chokhachokha. Anadina apa, magalasi a m'mbali anapindika ngati makutu a bulu. Anadina apo, mpando unayamba kutentha, mu Julaye. Anadinanso, mawu a mayi wina anatuluka m'galimoto n'kumawalamula zinthu zosamveka, ndipo sanasiye mpaka atazimitsa injini. Gordana sakanamufunsa. Iye ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati zitseko zikukiyika, ndipo akamva kuti inde, mawu ake ankapepuka.

Ogasiti atakula, adokowe anayamba kusonkhana m'dambo, mapulamu anada n'kuvala kafumbi koyera. Mitengo mazana awiri munthu mmodzi sangaithyole. Timathyola pa dima, ndipo dima kwathu sitiitana ndi pakamwa. Mwini munda amayenda khomo ndi khomo ndi botolo la rakiya, kachasu wa mapulamu a chaka chatha. Amene wamwako wavomera. Palibe chinanso chonena.

A Milutin anayenda tsiku lathunthu. Mudzi wonse unali utadwala m'mimba. Ena dokotala anawaletsa sabata yomweyo. A Stanimir anati akuopa kulowa m'munda wa anthu a chitetezo, mtengo ungawalizire hutala. Ine ndinamwako, koma ndine mmodzi, ndipo ndimathyola mochedwa chifukwa ndimayang'ana kwambiri kumwamba. Botolo linabwerera kunyumba pafupifupi lodzaza. Pa chitunda mapulamu oyamba anali atayamba kugwa, mavu atawapeza kale. Panatsala sabata imodzi, mwina yosakwana.

M'mudzi monse munthu wodziwa Chijeremani ndi mmodzi. Mayi Desanka anasesa maofesi ku Stuttgart, ku Jeremani, zaka makumi awiri ndi ziwiri.

A Milutin anapitako Lachinayi, dzuwa lili pamutu. Anaimika galimoto pa geti, anavula chipewa, naulula zonse: za Gordana, za wakuba wa pa maloboti, za mtambo, za mpando wotentha, za kagalasi kamene kakuwakanika kuwerenga. Mayi Desanka anati khutu lawo lakumanzere silimva, abwereze. Anabwereza. Anati mbali yoti sakutha kuwerenga ija sanaimvetse bwino, abwereze yokhayo, mokweza. Anabwereza mokweza, moti a Stanimir, amene amakhala patsidya pa msewu, anatuluka ngati akufuna nkhuku.

Mayiwo analowa m'nyumba kukatenga magalasi, n'kukhala pa mpando wa dalaivala ngati anabadwira pomwepo. Anati ntchito yotere imafuna mboni, ndipo anauza a Stanimir kuti akhale kumbuyo. A Stanimir anakana kawiri, kachitatu analowa, poti ankafuna kuona mkati kuyambira mu Juni. Mayi Desanka anawerenga kagalasi ndi chala, akuyendetsa milomo. Anati n'chimodzimodzi ndi makina ochapira zovala. Anadina kanayi. Kenako analamula a Milutin kuti akiye ndi rimoti n'kudinanso kamodzi kuti atsegule, ndipo zitseko zonse zinayankhira pamodzi. Hutala anamukhazika chete. Pomaliza anawaonetsa kabatani ka pa chitseko, kojambulidwa loko.

"Aka n'ka pa maloboti a ku Topola," anatero. "Muzikadina kumeneko, mwana wanu azigona tulo. Kuno mukakadina, mazira ndidzaswera pa galasi."

A Stanimir anati aona zokwanira, akupita. Anakoka chogwirira, chitseko osatseguka. Anasunthira mbali inayo, chimodzimodzi. Gordana ali ndi ana awiri aang'ono, ndipo anali atasuntha timaloko ta m'mphepete mwa zitseko zakumbuyo, toti mwana asatsegule ali mkati. Mayi Desanka anali atationa kale. Anatsitsa zenera lakumbuyo pang'ono, mpata wokwana dzanja, n'kuyamba kupukuta magalasi awo ndi mpango.

A Stanimir anapempha. Anaopseza kuti akauza ansembe. Thukuta linawatsikira m'makutu. A Milutin anaima panja, dzanja lili pafupi ndi chogwirira, koma mayi Desanka anawayang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo dzanjalo linapita ku thumba la jekete. Botolo la rakiya lija linalowa pa mpata uja mosavuta.

"Akumu, poyamba inkakukanani, tsopano ikukukanirirani," anatero a Milutin. "Mwina yakuzolowerani."

A Stanimir analiyang'ana botololo kanthawi. Anati galimotoyo ndi yopusa ngati mwini wake, ndipo mwini wake ndi wopusa kuposa, chifukwa galimoto sinapiteko ku sukulu. Kenako anamwa. Mayi Desanka anatambasula dzanja kumbuyo osacheuka, nawonso anamwa.

Loweruka tinali anthu makumi awiri ndi atatu pa chitunda. M'mawa kunali mame olemera, oyamba a chaka. Galimoto yotuwa inakwera ndi kutsika kasanu ndi kamodzi, itadzaza anthu ndi makwerero, zitseko zikumenyedwa mopanda ulemu. Mapulamu amene mavu anadya sanakwane madengu anayi.

Lamlungu chisa cha pa tchalitchi chinali chopanda kanthu, adokowe atapita. Gordana anaimba pa nthawi yake n'kufunsa ngati zitseko zikukiyika. A Milutin, amene moyo wawo wonse ankadumpha mawu opweteka m'makalata a anthu, anamuuza kuti asade nkhawa, zikukiyika kwambiri, moti ngakhale akumu analephera kutuluka.