Miyezi Itatu ya Achemwali Dilruba

Achemwali anga a Dilruba anali ndi mutu, osati wangawu. Ku koleji ku Rajshahi, komwe ankachita digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, anakhoza phunziro lililonse: zowerengera chuma, zamalamulo, zotsatsa malonda, ngakhale masamu aja oliza amuna andevu. Chinatsala n'chimodzi basi. Kuti mapointi a digiri akwane, wophunzira ankayenera kukagwira ntchito miyezi itatu pakampani ya eni, kuyambira Meyi.

Meyi! Amene anakonza zimenezo sanalimepo mango. Kwathu kuno nyengo imeneyo munthu sapeza ndi mpata wokanda pamsana.

Chaka chimenecho Ababa anafa ziwalo mbali imodzi, mango ali lendelende m'munda, ogula a mumzinda wa Dhaka akunenerera ngati akugula zowola. Mlongo tinalibe, ine ndinali ndikadali kusekondale. Achemwali anapita kwa mkulu wa maphunzirowo.

"Bwana, ndikuyendetsa munda wa bambo anga, antchito, malole, zonse. Simungandiwerengere zimenezo?"

"Mwana wanga, bizinesi ya pakhomo sitiwerengera. Azikuyang'anira ndani, amayi ako? Ubwere chaka chamawa, malo ako alipo."

Chaka chamawacho mango anapsanso, nanga akanaleka? "Chino chokha, Dilu," ankatero Ababa ali chigonere, pakamwa patapotoka. Achemwali ankangoti, "Ndamva, Ababa," n'kunyamula madengu. Zaka zimene koleji imalola kuti munthu amalize zinatha choncho. Atapitako komaliza, anawauza kuti ngati akuifunadi digiriyo, ayambirenso chaka choyamba.

Anabwerera kunyumba osalira. Anangotulutsa sari yobiriwira, nsalu yovala akazi kwathu kuno, imene anagula kuti adzavale polandira digiri, n'kundipatsa. Sindinaivalepo, ndipo ndikaiona m'sutikesi mtima umandiwawa mpaka lero. Munthu kukhoza zonse, n'kugwa chifukwa choti ankagwira ntchito yomwe ankaphunzirayo!

Pano ali ndi imvi, ndipo mango athu amafika mpaka kunja kwa dziko. Zoseketsa koma zosaseketsa, koleji yomwe ija ndiyo imatitumizira ana kuti adzaphunzire ntchito.

Chaka chatha inatumiza mtsikana wina, Sharmin. Utangotha mwezi analowa mu ofesi maso ali psuu.

"Mayi, ndikupempha kutsanzika. Amayi anga adwala, golosale yathu ilibe munthu. Ndidzamaliza chaka chamawa."

"Chaka chamawa chikukudziwa iwe?" anakalipa achemwali. "Khala pansi apo!"

Mwana uja anakhala pansi. Kenako achemwali anatembenukira kwa ine.

"Rokeya, longedza chikwama. Ukakhale m'golosale ya anthuwa, uziwaonanso amayiwo, mpaka Julayi athe."

"Ine? Achemwali, mwapenga? Nanga mango?"

Anayang'ana pawindo, kumene anyamata ankakweza madengu mulole, ndipo mawu awo anatsika.

"Mango adzapsanso, mng'ono wanga. Ndawaona ine, sanaphonyepo chaka."