A Goloboyi ndi Bondo la Mwana wa Eni

Mayi wamasiye wa nyumba yoyang'anana ndi bwalo la mpira anawazindikira koyamba tsiku limene anawamva akukalipira mphunzitsi wa timu ya achinyamata ngati mwana wobala okha. Ndi bambo wachikulire, ndipo aliyense amangowatchula kuti a Goloboyi, poti kalekale ankagwira pagolo. Masana alionse amabwera ndi ndowa ya madzi, amapopa mipira, amamanga ana mabandeji. Kuyamikira munthu sadziwa. Mwana akagoletsa amangoti, “Nanga unadzera chiyani?”

Sabata imene kunkabwera anthu osaka osewera a timu yaikulu, mwana wa mayiyo, yemwe ankasewera m'timu ya achinyamatayo, anatupa bondo. Mphunzitsi anatulutsa jakisoni wopha ululu.

“Asewere kaye, mayi. Mwayi sudikira bondo.”

Mayiyo, wamanyazi chibadwire, anangoyang'ana pansi. Anatsala pang'ono kuvomera.

“Iwe!” anakuwa a Goloboyi. “Mwana wa eni wamuyesa ng'ombe ya pangolo? Akamutenga, lotchuka ndi dzina lako. Nanga likaphwasuka bondolo, udzamubereka ndiwe?”

Anamulanda mnyamatayo nsapato, n'kuzikhalira mpaka mpira kutha.

Alendowo anasankha anyamata ena. Mwana wa mayiyo analira, ndipo mpaka lero sawapatsa moni a Goloboyi. Mphunzitsi anawaletsa kulowanso m'bwalo, moti tsopano amaonerera kuseri kwa waya.

Mayiyo atapita kukathokoza, mawu anamukanika. A Goloboyi anamuyang'ana mokwiya.

“Musandithokoze, mayi. Mawa ine kulibe. Mwanayo ndi wanu, ndipo pakamwa muli napo.”