Malata a Anganga Filisida

Pa nkhani ya akathyali a m'mabuku a chikondi, ndikunena amuna aja amene amalowa m'nkhani atanyamula maluwa n'kutulukamo atanyamula chuma cha mayi wamasiye, m'dziko muno mulibe munthu woti angandiphunzitse kanthu. Ndine katswiri. Ndikanamaliza koleji, bwenzi pano mukundimvera pa wailesi nditamanga tayi. Koma koleji ndinaisiyira pakati pa chaka chachiwiri, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti mmodzi wa ife akutaya nthawi, moti lero ndimatchaja mafoni a anthu pa Boma. Komanso, poti bodza ndi tchimo, ukatswiriwo si wanga. Ndinangoutola kwa anganga Filisida, amene khomo lawo linayandikana ndi lathu m'malaini a pa esiteti ya tiyi pomwe ndinakulira.

Ndikawakumbukira anganga aja, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la mapepala ogwidwa chinyezi, losakanikirana ndi la masamba a tiyi ofota limene linkatsika kuchokera ku fakitale chiperoni chikakuta phiri, komanso la kalongonda amene ankawira pamafuwa awo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanali anganga anga enieni. Mwamuna wawo anamwalira ine ndisanabadwe, mwana wawo mmodzi yekhayo anatsatira, ndiye ana onse a m'laini tinangowasandutsa anganga. Ali mtsikana ankalera ana kunyumba kwa bwana wina wachizungu, ndipo dona pochoka anawasiyira katoni ya timabuku tachikondi, tambiri topanda chikuto. Anabwerera kothyola tiyi ndi dengu kumsana ngati wina aliyense, koma katoni ija anaisunga ngati mbewu.

Lamlungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi, azimayi ankasonkhana pakhonde pawo ndi malichero a nandolo wosenda. Anganga ankatsegula buku, kuwerenga chamumtima ndi Chingerezi chawo cha ku mishoni milomo ikugwedera, kenako n'kulikamba m'Chichewa cholemera ndi Chilomwe. Zokumbatirana ankazidumpha, amvekere, "Apa akuchita zopusa." Chimene ankachikonda chinali kugwira wakuba.

"Uyu, achemwali anga, ndi tsizinamtole," ankatero buku lisanafike tsamba lachitatu.

"Iii, anganga, munthu wangolowa kumene pakhomo, mpando sanamupatse n'komwe!" ankatero mayi anga.

"Nsapato zikuwala, koma ntchito yake sitikuiona. Abale ake onse akuti anamira ndi sitima. Ndiye mungodikira, posachedwa anena kuti ndalama zake zatsekeredwa kubanki, amubwereke kaye. Mwamuna wopanda malume, amwali, n'njoka yopanda una. Ikaluma mukaifunira kuti?"

Ndipo sankaphonya. Pofika kumapeto, munthu uja ankagwidwadi, nthawi zambiri pa siteshoni ali ndi chikwama, ndipo mwamuna wabwino amene anali phee nkhani yonse ankatulukira n'kukwatira mayiyo. Azimayi ankaomba m'manja makoko a nandolo n'kumwazika. Mbiri yawo inakula. Mtsikana wa m'laini akafunsiridwa, mayi ake ankabweretsa mnyamatayo kuti adzapereke moni kwa anganga, iwo n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi. Awiri anawabweza. Mmodzi anali ndi mkazi kale ku Limbe.

Chuma chawo chinali kunsi kwa bedi. Kumeneko kunagona malata makumi awiri ndi awiri, amene anagula limodzilimodzi kwa zaka zambiri, mwezi umene masamba achuluka. Nyumba za m'malaini ndi za kampani, ukasiya ntchito umasiyanso kiyi. Kwawo, kumudzi wa amayi awo kufupi ndi msewu wa ku Muloza, anali atamangitsa kale zipupa za njerwa zootcha. Chinatsala ndi denga. Ankati akadzapuma akufuna adzamve mvula ikulira pamwamba, osati ikulowa mkati. Zaka zoyambirira za matipate zitadutsa, kampani inayamba kuchepetsa antchito, ndipo dzina lawo linatuluka pa mndandanda. Anawapatsa miyezi inayi.

M'miyezi imeneyo m'pamene kunabwera a Zuze.

Ndiyenera kuwachitira chilungamo bambo amenewa, chifukwa pa ntchito yawo anali munthu wakhama. A Zuze anali kalipentala woyendayenda, wamfupi, diso limodzi loyera, mano akutsogolo awiri atapita kale kutchuthi. Kumapazi kunali nkhwaila za matayala. Ankayankhula pang'ono, ndipo akamenya chala ndi hamala ankatukwana m'Chipwitikizi. Anakonza chitseko chathu, anakonza mpando wa akapitawo, kenako anakonza zenera la anganga n'kukana kulipidwa. Tsiku lina anganga atadwala malungo, iwo ndi amene anagula mankhwala ndi shuga. Atachira anafuna kuwabwezera ndalama, a Zuze anakwiya mpaka masiku awiri osabwera.

"Anganga, kodi uyu ali patsamba lanji?" anafunsa mayi anga Lamlungu lina, azimayi onse n'kuseka.

"Uyu m'buku mulibe," anayankha iwo akuyang'ana pansi ngati namwali. "Wakuba amasamba."

Komabe sanagonje msanga. Atafunsiridwa, anati sangamve kanthu asanaone abale. A Zuze sanatsutse. Loweruka lotsatira anabwera ndi malume awo, nkhalamba yaitali ya jekete lakuda, yodziwa kugwada polonjera ndi kusamba m'manja modekha. Nkhalambayo inatchula mudzi wa kuseri kwa Milanje, tsidya lija la malire, inatchula mayi a Zuze ndi matenda amene anawatenga, inadzudzulanso mphwakeyo pamaso pathu chifukwa chochedwa kukwatira. Bambo anga anaimira mbali ya anganga pamodzi ndi mlongo wina wa angangawo wochokera kumudzi. Chinkhoswe chinachitika monga mwa mwambo, anasinthana nkhuku, tinamwa thobwa mpaka mimba kuuma. Malume aja analangiza banja mpaka azimayi ena anagwetsa misozi.

Tsono kwathu kuno mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo ulemu wa mkamwini ndi nyumba imene wamanga pamudzi wa eni. Mwamuna amene akuti tiyeni kwathu timamukayikira. Amene akuti ndikamange kwanu timamuikira nyama yambiri m'mbale. A Zuze anapempha okha kuti akamalize nyumba ija. Anapita kumudziko ndi zida zawo, anakhalako sabata ziwiri, anakhoma mapaso ndi matabwa a ndalama zawo. Anganga anakwera minibasi kukaona, anabwerako akuyenda ngati mtsikana.

"Wakhoma mowongoka ngati tchalitchi," anauza mayi anga. "Changotsala n'kuvala."

Tsiku lonyamula malata linali Lachisanu m'mawa. Anagwirizana kuti anganga atsogole ndi minibasi kuti akaphikire anthu okhoma, a Zuze atsatire ndi kagalimoto kamene anachita hayala. Anganga ananyamuka ndi tambala m'manja ndi thumba la mpunga. Galimoto itafika, laini yonse inatuluka kudzathandiza. Bambo anga ndi amene anakwawira kunsi kwa bedi. Mayi anga anapereka chingwe chawo choyanikira zovala kuti katundu amangidwe bwino. Akapitawo anaima pamsewu n'kumalondolera dalaivala pobwerera m'mbuyo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinagwira nawo nsonga ya malata atatu, ndipo ndinanyadira. Ngati kuba kumafuna manja, tsiku limenelo a Zuze anali ndi manja oposa makumi anayi, onse aulere.

"Mwamuna ndi uyu," anatero mayi anga akuyang'ana bambo. "Ena tinangotola."

"Nanga ine ndikhome chiyani, poti mwini malata sindinamupeze?" anayankha bambo.

Galimoto inalowera msewu wa ku Muloza, tonse tikubaibitsa. Panalibe chodabwitsa, chifukwa msewu wa kwawo kwa anganga ndi womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti pokhotera kumudzi galimotoyo sinakhote.

Anganga anapha tambala uja, anaphika mpunga, anadikira. Loweruka anatenthetsa chakudya chija n'kudikiranso, akuuza abale kuti mwina galimoto yafa panjira. Anabwerera kumalaini Lolemba masana kukugwa mvula yowaza, opanda ambulera. Anafunsa bambo anga funso limodzi lokha, loti galimoto inanyamuka nthawi yanji. Atamva, analowa m'nyumba. Ife tinali pakhomo ndipo tinawaona akugwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi, ngati kuti mwina limodzi linaiwalika. Munali fumbi lokha, lojambula mizere ya malata.

Akuluakulu atakhala pansi anati iyi ndi nkhani ya banja, ndipo nkhani ya banja imayambira kwa ankhoswe. Bambo anga anabwereka njinga kupita ku Muloza kukafunsa njira ya kumudzi kwa malume aja. Sanavutike. Anawapeza pamalire pomwepo, atakhalira njinga ya kabaza, akudikira makasitomala. Jekete lija panalibe.

"Achimwene, ine munthu ameneyo ndinamudziwa tsiku lomwelo," inatero nkhalambayo. "Anandichita hayala tsiku lonse, anandibwereka jekete, anandiuza mayina. Umalume ndaugwirapo kanayi konse, ndipo maukwati enawo alipo mpaka lero. Mayi aja anandilandira bwino, thobwa lawo linali lokoma. Mukawapepese."

Bambo ankati anafuna kuimenya, koma anzake a kabaza anali ambiri, ndiponso nkhalambayo inawafunsa mwaulemu ngati akufuna kuwapopera tayala.

Lamlungu lotsatira azimayi sanapite pakhonde paja. Ena ankaopa kuwayang'ana m'maso, ena ankaseka kuseri kwa mabafa kuti sing'anga walumidwa ndi njoka yake yomwe. Mayi a mtsikana wina amene chibwenzi chake anganga anachithetsa anafika pofuula pa mpopi kuti, "Tsamba lachitatu lija linanyowa kodi?" Mayi anga okha ndi amene anapita, atanyamula ndiwo m'kambale, ine ndili pambuyo. Tinawapeza atakhala ndi buku pamiyendo, losatsegula.

"Ndinayang'ana nsapato," anatero. "Ndinafunsa abale. Ndalama sanandipemphe ngakhale tambala imodzi. Ndinalakwa pati, mayi a Yona?"

Yona ndine. Mayi anga anangovundukula kambale kaja n'kukavundikiranso.

"Olemba mabukuwa amamupanga wakuba kuti agwidwe," anapitiriza anganga. "Amamuveka belu ngati mbuzi. Ine ndinkayesa ndine wochenjera, chikhalirecho ndinkangomva belu."

Mwezi utatha anabweza kiyi wa kampani. Katundu wawo yense, bedi, miphika ndi katoni ija, anakwana pa njinga ziwiri. Nthawi imeneyi anthu otuluka kudzathandiza anali ochepa.

Ndinakawaonanso patapita zaka pafupifupi khumi, mwezi umene ndinabwerako ku koleji ndi chikwama changa ndi nzeru zosakwana satifiketi. Mayi anandituma, ati m'malo mongogona ndikaone nkhalamba. Inali nthawi ya mvula. Nyumba ndinaipeza, njerwa zake zabwinobwino, koma pamwamba pali udzu wakuda wovunda. Apa m'pamene ndinamvetsa mphatso yomaliza ya a Zuze. Denga la malata amalikhoma logona, pomwe la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi athawe. Iwo anakhoma la malata, mwaluso, ndi misomali yosazuka. Abale ankafolera udzu chaka ndi chaka, koma madzi ankangokhala pamwamba n'kumalowa pang'onopang'ono. Ndalama zogwetsera mapaso aja n'kuyambanso panalibe amene anali nazo.

Mkati munali mabeseni, mapoto ndi zitini paliponse, chilichonse chikulira mawu akeake. Bedi analikokera pakona imodzi youma. Anganga anali atachepa ngati mwana, akutsokomola chifuwa chochokera pansi, maso atachita nkhungu moti kuwerenga anasiya kalekale. Anandizindikira ndi mawu.

"Ndiwe Yona wa pa laini? Akuti unapita kukoleji. Unkaphunzira chiyani?"

"Za mabuku, anganga."

"Ayi, pepa," anatero. Anatsokomola kwa nthawi. "Nanga kukhoma denga anakuphunzitsako?"

Ndinati ayi. Ndinayamba kuwafotokozera kuti nkhani yawo ndidzailemba tsiku lina, dziko lonse lidzadziwe, ndipo mwina munthu uja adzaiwerenga n'kugwidwa ndi manyazi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, poti anali munthu waulemu.

"A Zuze sankadziwa kuwerenga," anatero. "Tasuntha beseni ilo, ladzaza."

Ndinataya madzi aja, ndinayenda wapansi kupita pa kamsika ka pamsewu, ndinagula pepala lakuda la pulasitiki mamita atatu, chifukwa ndi pomwe thumba langa linathera. Ndinakwera padenga ndi nsapato zanga za kukoleji, ndinaliyala pamwamba pa bedi pokha n'kutsindira ndi njerwa. Nditatsika ndinawapeza atagona chagada akumvetsera.

"Likulira ndithu," anatero. "Osati ngati malata, koma likulira."

Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Pamaliro anthu a m'laini yathu yakale analipo ambiri, ndipo onse anayankhula bwino za nzeru zawo. Palibe anatchula za Lachisanu lija.

Ine mpaka lero munthu akakhala wabwino kwambiri ndimayamba kuwerenga katundu wanga, ndipo mwina n'chifukwa chake sindinakwatire. Ena m'nkhani imeneyi anataya denga, ena chingwe choyanikira zovala. Ine, katswiri wa dziko lonse, ndinatayapo K450 ya pulasitiki, ndipo wogulitsayo anandibera theka la mita.