Mano a Luisa ndi madzi a pamjigo wathu

Loweruka lapitali ndinakachingamira mwana wanga Luisa pamalo otsikira chapa, timaminibasi ta kuno ku Mozambique, pa Mandimba. Anakhala milungu iwiri ku Cuamba kwa msuweni wake, akuti kukasankha makapulana, zitenje za ukwati. Atatsika, m'manja munalibe kapulana ngakhale imodzi, koma dzanja linali pakamwa.

Za dzanjalo sindinadabwe. Luisa wakhala akusekera kuseri kwa dzanja kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

"Amayi, musakuwe," anatero, n'kutsitsa dzanja.

Mano oyera mbee! Sindinakuwe ayi, koma ndinafunsa funso lopusa lomwe mpaka lero ndikuchita nalo manyazi: "Nanga ako aja ali kuti?"

Ndikufotokozereni kaye, poti simumudziwa. Mano a Luisa anamera ndi mizere yofiirira komanso timadontho toyera ngati choko. Si iye yekha. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Itepela, ana ambiri amene anabadwa titabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ali ndi mano otero. Ife amene tinakulira kutsidyako tilibe. Tinawakwecha anawa ndi makala, phulusa, ngakhale ndimu wothira soda, mpaka nkhama kutuluka magazi. Sizinathandize, ndipo tinangozolowera.

Ndiye bwanji lero, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi?

Nkhani yake ndi Armando, mphunzitsi wa ku Cuamba amene akufuna kumukwatira. Monga mwa mwambo, kwawo anatuma munthu kudzaona pakhomo pathu, ndipo amene anabwera anali azakhali a Armando amene anamulera, mayi Celestina. Anafika, tinawayalira mphasa. Anayang'ana chigafa chathu chopachikamo fodya, anayang'ana mano a Luisa, basi nkhani anaimaliza okha mumtima. Patapita masiku, ankhoswe anatibweretsera mawu: kwawoko satenga mkazi woika fodya mkamwa.

Luisa! Mwana woimba kwaya, amene amayetsemula akangodutsa pafupi ndi chigafa! Ndinapsa mtima kwambiri. Armando akudziwa bwino kuti ndi bodza, koma azakhali akewo amaopa kuwatsutsa.

Tikuyenda kuchoka pa chapa paja, Luisa anandifotokozera zimene anachita. Anapita kwa dotolo wa mano, mayi wina wachitsikana. Dotoloyo anapala pang'ono chabe pamwamba pa mano akutsogolo, anapaka mankhwala oyeretsa, ndipo timadontho toyera tija anatithira zinthu zina zolowerera m'dzino kuti mtundu ufanane. Anapitako maulendo atatu. Mano ake ndi omwe aja, palibe limene anazula.

"Anati vuto lake n'chiyani?" ndinafunsa.

Anayankha kuti, "Akuti madzi, amayi. Akuti m'madzi ena a pansi kwambiri mumakhala mchere wina wosamveka palilime. Ukachuluka, umawononga mtundu wa mano a mwana pamene akupangika. Akamera amamera ali otero kale, ndiye ngakhale mukweche bwanji, sasintha."

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuzungulira, ndipo sunasiyebe.

Madzi a pansi kwambiri kwathu ndi a pamjigo. Ndipo ngati pali mayi amene ankanyadira mjigo umenewo, ndine. Mtsinje uli pafupi ndi nyumba, koma ndinkaudutsa ndi ndowa pamutu, Luisa ali kumsana, kupita kumjigo kutali uko. Ndinkawanyoza anzanga otunga kumtsinje, kuwatchula aulesi. Ana awo ankatsegula m'mimba chaka ndi chaka, ndipo ena tinawaperekeza kumanda. Koma amene anapulumuka, kawaoneni lero, akuseka ndi mano oyera.

Ndiuzeni inu owerenga, ndinalakwa kapena ndinachita bwino? Ndikati ndinalakwa, mwana wanga ali moyo. Ndikati ndinachita bwino, wakhala zaka zonsezi osaseka momasuka, ngakhale pachithunzi cha ubatizo wake milomo anaitseka. Ndazitembenuza uku ndi uku, yankho sindikulipeza.

Chinanso chimene chikundivuta n'chakuti mayi Celestina sindingawanene kwambiri, chifukwa matenda awowo tonse tili nawo. Timaweruza munthu asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo akatsegula ndiye timamalizitsa. Wofiira maso, ameneyo ndi wachamba. Woonda, ameneyo ali ndi kachilombo. Wofiirira mano, ngati si fodya ndiye uve. Ineyo pano, mwezi wathawu ndinakana kugula mandasi kwa mayi wina pamsika chifukwa cha mano ake. Ndinali ndisanaganizepo n'komwe kuti mwina nayenso amayi ake ankadutsa mtsinje ndi ndowa pamutu.

Ndipo amalonda anationa kale. Pamsika wa Mandimba padzaza timabotolo ndi timaufa toyeretsa mano, tolembedwa zilankhulo zimene ngakhale wogulitsayo sangawerenge. Atsikana akugula mobisa. Dotolo uja anamuuza Luisa kuti zambiri mwa zimenezo zimangodya dzino, monganso makala athu aja. Ndiye kuti ngakhale pomukwecha paja ndinkawonjezera vuto, ndikuyesa ndikuthandiza.

Komabe ndinadzitonthoza. Ndinati zapita, mano ayera, nkhani ya fodya yatha. Ankhoswe anali atagwirizana kale kuti Lachiwiri mayi Celestina abweranso kuti nkhaniyi ikambidwe, ndipo kunena zoona ndinkaliyembekezera tsikulo ndi kamtima konyada. Ndinasesa bwalo kawiri.

Anabwera. Luisa anagwada, anawapatsa moni, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anamwetulira mlendo manja ali pamaondo. Ine mtima unali m'malo.

Mayi Celestina anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa ankhoswe.

"Mwaona, bambo? Wangosiya fodya milungu iwiri yokha, mano ayera. Ndiye ine ndimanama?"

Ndinaona ngati sindinamve bwino. Ndinalowerera, ngakhale kuti pabwalo la ankhoswe mayi wa mwana sayenera kuyamba kulankhula. Ndinati ayi mayi, si fodya, ndi dotolo wa ku Cuamba kwanu komweko, ndipo vuto linali madzi.

"Dotolo?" anatero. "Ngati analibe mlandu, wakafufutiranji?"

Ndinati chabwino, tiyeni Lamulungu mukalowe m'tchalitchi mwathu, mukaone kwaya yonse ikatsegula pakamwa. Achinyamata ambiri mmenemo mano awo ndi ofiirira ngati mmene analili a Luisa.

"Mudzi wonse mumalima fodya," anayankha mosatekeseka. "Ndikadabwe chiyani?"

Inu anthu, tamvani. Mano akakhala ofiirira, ndiye kuti amadya fodya. Akayera, ndiye kuti wasiya. Akanena kuti ndi dotolo, ndiye kuti akubisa. Kodi mwana wangayu akanabwera ndi mano otani kuti akhulupirire? Ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti mayiwa sankalankhula mwankhanza. Amamukonda Armando wawo, anamulera okha, ndipo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akumuteteza.

Ankhoswe, pofuna kuti zinthu zisathere pomwepo, anapeza njira yawo. Ukwati udikire mpaka fodya wa chaka chino atachoka m'chigafa. Mano akadzakhala akadali oyera, ndiye kuti mtsikana wasiyadi, ukwati uchitike. Akadzayambanso kuda, aliyense ayende njira yake.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, chifukwa kuvomera zimenezo n'kuvomera mlandu umene kulibe. Koma Luisa anandiyambirira. "Ndamva, mayi," anatero, maso ali pansi. "Ndidikira."

Alendo atapita ndinamufunsa chifukwa chake anavomera bodza. Anati, "Amayi, choona mwanena kawiri, chathandiza chiyani? Ine ndikufuna Armando."

Tsopano tikukhala m'nyumba ndi mano amene asanduka mboni pamlandu. Vuto n'lakuti dotolo anamuchenjeza kuti kuyera kumeneku kumatha kuzirala pang'onopang'ono, makamaka kwa munthu wokonda tiyi. Luisa wasiya tiyi. Wasiya zakumwa zamitundu. M'mawa uliwonse amatenga kagalasi n'kukaima pakhomo pamene pali kuwala, kuyang'ana dzino lililonse palokha. Dzulo wandiitana kuti ndione ngati lakumanzere silinayambe kusintha. Ndinayang'ana, sindinaone kanthu, koma sindikudziwanso ngati maso anga ndingawakhulupirire.

Ndipo dzanja lija labwerera pakamwa. Akuti fumbi.

Sindikudziwa ngati ndimuyamikire dotolo uja kapena ndimudandaule. Ntchito yake anaigwira bwino, mwana wanga wakongola, ndipo ndikamuona mtima umasangalala ndithu. Koma mano akale aja, oipa momwemo, anali ake, ndipo palibe amene ankawayang'anira tsiku ndi tsiku ngati mbewu ya kudimba. Sindikudziwanso ngati ndiwauze amayi anzanga za mjigo. Ndikawauza, abwerera kumtsinje, ndipo zotsatira zake ndinaziona kale ndi maso anga.

Lero masana Luisa wabwera kuchokera kumunda atatopa, thukuta lili kamukamu. Ndamutungira madzi mumtsuko, monga ndakhala ndikuchitira kuyambira ali wakhanda. Iye akudziwa bwino, dotolo anamuuza, kuti madziwo sangasinthenso mano a munthu wamkulu. Koma sanalandire kapu ija. Waiyang'ana, wandiyang'ana ine, ndipo kuseri kwa dzanja wafunsa motsitsa mawu:

"Amayi, madziwa mwatunga kuti?"

Ndangoima, kapu ili m'manja. Inu mukanamuyankha chiyani?